Mkaka Umene Unathera Kuseri kwa Golo

Bambo a ana anga anali ndi kawailesi kamene ankakamanga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti mabatire asagwe. Loweruka masana akachoka kudimba ankakhala pansi pa mtengo wa mango, kawailesi pakhutu, kumvera mpira wochokera ku sitediyamu ya ku Bulantaya. Osewera onse ankawadziwa ngati ana a mlongo wawo, koma bwalolo sanalionepo mpaka Mulungu anawatenga. M'banja mwathu munthu amene anakaponda pa udzu umenewo ndine, ine amene sindinkadziwa kuti amuna akuluakulu amalimbirana chiyani chikopa chimodzi.

Mudzi wathu uli m'mapiri kum'mawa kwa Madisi, kumene munthu ukaima pachulu umaona mapiri a Ntchisi. Ndinabadwira pomwepo, ndipo bambo a ana anabwera kudzakhala nane chikamwini. Nyumba ya amayi anga inali pafupi kwambiri, moti akatsokomola tinkamva. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi ana atatu: anyamata awiri ndi khanda lachitsikana la miyezi isanu. Dzina lake sindilemba pano, ndimalitchula pa kolona pokha. Anali mwana wonenepa, wa mapindi m'manja, ndipo akamayamwa ankandigwira chala n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndimuthawa.

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma Mulungu anandipatsa mawu. Izi sindikudzitama, ndi mphatso chabe. Ku tchalitchi chathu chaching'ono ndine ndinkayambitsa nyimbo, ena n'kumavomera. Pa chimtali chimodzimodzi. Ndikanadziwa kumene mawuwo adzandifikitse, bwenzi ndikungong'ung'udza kumbuyo ngati anzanga.

Inali nyengo yachisanu, tikuthothola mtedza pakhomo. Kunabwera amayi amene anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Tinkangowatchula kuti atcheya. Anali ndi anyamata awiri a malaya ofiira, amene anaima kumphepete kwa bwalo ndodo zili m'khwapa, osapereka moni.

"Zabwino zakugwerani pakhomo pano," anatero atcheya atakhala pamphasa. "Boma lathu la Dowa likukavina ku Bulantaya pa chikondwerero, pamaso pa mwini dziko. Woyambitsa nyimbo ndi inuyo, amake mwana."

Ndinagwada n'kuthokoza. Kenaka ndinati, "Nanga khandali, amayi? Ndipita nalo?"

"Khanda pamzere wakutsogolo? Mukufuna alendo akunja aziti chiyani? Mbereko kumbuyo, mawu kutsogolo, mwana akulira m'chimkuzamawu? Ayi. Amusunge agogo akewa. Ndi masiku atatu okha: kupita, kuvina, kubwera."

"Sanayambe kudya phala."

"Ayamba. Ana a anzanu amayamba ali ndi miyezi itatu." Anatola mtedza umodzi, n'kuuswa, n'kuyang'ana kwa anyamata aja. "Kapena pali china chimene simukugwirizana nacho? Nenani, timve tonse."

Amene sanakhalepo masiku amenewo sangamvetse kulemera kwa funso limenelo. Tinali titaona mabanja akuthamangitsidwa m'mudzi, nyumba zawo zikuyaka, chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Amayi anga anayankha msanga ine ndisanatsegule pakamwa.

"Apita, amayi. Palibe chovuta. Mwana ndi wanga uyu, ndalera asanu ndi awiri."

Atachoka, amayi anandikalipira. "Iwe, ukufuna utiphetse? Masiku atatu ndi chiyani? Ndimupatsa kaphala kamadzimadzi."

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, chifukwa kwa ansembe ndinanena kale: sindinali ndi mantha okha. Mumtima munalinso kachimwemwe. Ine, mwana wa m'mapiri, kukaimba ku Bulantaya! Anatipatsa nsalu yatsopano ya nkhope ya mtsogoleri, ndi duku lake. Ndinaiyesa katatu m'nyumba. Kachimwemwe kameneko kamandiluma mpaka lero.

Bambo a ana anali ngati ndi iwo akupita. "Amayi, mukandionere golo," anatero. "Mukayese ndi mapazi kuti ndi lotalika bwanji. Amati udzu wake amauthirira ngakhale m'chilimwe. Mukaone ngati n'zoona."

"Inu abambo, ndikupita kukavina kapena kukayesa minda?"

"Zonse ziwiri. Mwayi wagwera munthu wosadziwa mpira, ife odziwa tikutsala ndi nkhuku."

Ndinamuyamwitsa mwana m'mawa wa tsiku lonyamuka mpaka anagona bere lili m'kamwa. Ndinamuika pamsana pa amayi, n'kumanga mbereko ndekha. Tinayenda pansi mpaka kumsewu, lole inatitengera ku Mponela, kumene tinakumana ndi amayi a mbali zina. Kumeneko anatilonga m'malole osafunda pamwamba, mothithikana ngati mabelo a fodya. Pa Dedza mphepo inatilowa m'mafupa. Pamenepo ndinathokoza kuti mwana ndamusiya. Ndinati, Ambuye mwachita bwino, akanafa ndi chibayo. Mapemphero ena munthu umadzawakumbukira ndi manyazi.

Ku Bulantaya anatigoneka m'makalasi a sukulu ina ya pulayimale, pasimenti. M'mawa mwake anatiyendetsa pamzere kupita ku sitediyamu.

Abale, chinthu chija n'chachikulu. Kunja khoma lalitali, zipata zachitsulo, apolisi pachipata chilichonse. Ukalowa umakhala ngati uli pansi pa chigwa, koma mapiri ake ndi masitepe a simenti okwera mpaka kumwamba, okhalapo anthu. Mbali imodzi yokha ndi imene inali ndi denga ndi mipando, ya akuluakulu. Pakati udzu wobiriwira, m'mwezi umene kwathu ng'ombe zimadya mapesi. Ndinaona ndi maso anga mpope ukuzungulira wokha kuthirira udzu, madzi amene kwathu tinkawatunga kutsidya kwa phiri. Bwalo limodzi lomwelo linali la zonse. M'mawa asilikali ankaguba ndi malipenga. Akachoka, ana a sukulu ankalowa ndi timbendera, kupanga zilembo ndi matupi awo. Akachoka iwo, ife ovina, boma ndi boma. Madzulo ankatitulutsa kuti osewera mpira ayeserere. Mlonda wina anatiuza kuti ngakhale ankhonya ndi othamanga amachitira momwemo, ndi mapemphero a dziko lonse.

Tsiku lachitatu, limene ndinkati tikubwerera, mkulu wina wa jekete anaima ndi chimkuzamawu n'kunena kuti mapazi athu sakugwirizana, a Dowa tikuvina ngati tikupondaponda dothi loumbira njerwa. Chikondwerero chinali chikadali kutali ndi sabata yathunthu ndi masiku ena. Anatibweretsa msanga dala kuti tiziyeserera. Atcheya ankadziwa kuyambira pa mphasa paja.

Ndinawapeza pa mthunzi wa khoma akumwa tiyi.

"Amayi, munati masiku atatu."

"Ndinati atatu? Ndiye kuti ndinalakwitsa kuwerenga." Anaseka, anzawo n'kusekanso. "Msewu ndi uwo, amake mwana. Ngati mukufuna kupita, kauzeni apolisi pachipatapo kuti mwatopa kuvinira mwini dziko."

Pofika tsiku limenelo mawere anali atatupa, olimba ngati maungu aawisi. Ndikakweza manja povina ndinkamva ngati akundibaya ndi singano mpaka m'khwapa. Mkaka unkadontha wokha n'kunyowetsa bulauzi, n'kutsikira pa nsalu ija. Mayi wina woyang'anira mizere anandiloza ndi ndodo. "Iwe wa kutsogolo, ukudetsa nkhope! Ukudziwa kuti ndi nkhope ya ndani imeneyo?" Thupi linayamba kutentha. Ndinkaimba mano akugundana.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Malomo, wa gulu la Ntchisi, wamkulu kwa ine, wa mphini m'masaya. Sindinamuonenso chiyambire, koma ndimamupempherera tsiku lililonse, kaya ali moyo kaya anapita. Pa nthawi yopuma anandikoka dzanja.

"Achemwali, mwasiya wa miyezi ingati?"

"Isanu."

"Mayo ine. Tiyeni kuno, mungatupe mpaka kuphulika."

Kuzimbudzi kunali mzere wosatha, ndi fungo loti munthu sungaime. Ananditengera kuseri kwa golo la kumunsi, kumene ukonde anaukulunga n'kuusiya pansi, pafupi ndi zikwangwani zamalata. Anavula nsalu yake yakale n'kunditchinga nayo. Anali atapempha madzi otentha m'kachitini kwa amayi ophika tiyi. Ananyika duku, n'kundithowa, n'kundionetsa kafinyidwe: osakoka nsonga, koma kukanikiza kuchokera kumtunda.

"Muzifinya m'mawa, masana ndi madzulo," anatero. "Mukaleka, uuma. Mukafika kwanu mwana akapeze chakudya chake chilipo."

Ndinagwada pa udzu uja n'kufinya. Mkaka unkatuluka ngati ulusi woyera n'kulowa m'nthaka. Ndinalira, iye n'kumati, "Lirani msanga, achemwali, ng'oma zikuyamba." Ndiye anawonjeza, "Udzu wa boma ukunona lero. Goloboyi akagwa apa adzuka atakhuta." Ndinaseka misozi ili m'maso.

Masiku onse otsatira ndinachita zomwezo, katatu pa tsiku, osaphonya, monga mmene ndimachitira ndi mapemphero. Nyemba zofumbwa zimene ankatipatsa ndinkadya zonse, ndi za anzanga otaya, kuti mkaka usachepe. Ndikagwada kuseri kwa golo ndinkati, Ambuye, uwu ukutayika, koma kasupe musamutseke. Ndipo sanamutseke. Golo lija ndinaliyesanso ndi mapazi tsiku lina popita kumeneko, chifukwa cha bambo a ana.

Tsiku la chikondwerero anatidzutsa kusanache, n'kutikhazika pansi m'mphepete mwa bwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masitepe onse anadzaza anthu mpaka pamwamba. Mwini dziko anafika pa galimoto yopanda denga, ife n'kuimirira, kukhala, kuimiriranso. Nthawi ya Dowa itakwana ndinayambitsa nyimbo, ndipo mawu anga anatuluka m'zimkuzamawu zonse n'kubwerera kwa ine ngati a munthu wina. Sitinathe ngakhale nyimbo zitatu. Mkulu wa jekete uja anagwedeza dzanja kuti tulukani, a boma lina alowe. Zonse zija, lole, simenti, malungo, zinali za kanthawi kosakwana kuphika ndiwo za masamba.

Kenaka anamasula maukonde, mpira unayamba. Anthu ankakuwa ngati mvula ya matalala padenga la malata. Ine ndinkangoyang'ana goloboyi wa kumunsi akupondaponda pafupi ndi malo anga, mawere akulemera, popanda kothawira. Sindikudziwa amene anapambana. Malole anayamba kutumiza a kutali kwambiri, a kumpoto, ife tinadikiranso masiku awiri. Ndinafika kwathu patatha masabata awiri.

Kuchokera kumsewu ndinkachita ngati kuthamanga. Ndinapeza amayi ali pakhonde, mwana ali pamiyendo. Anali atachepa, mapindi aja atayamba kufwifwa, koma anali moyo, ndipo atamva mawu anga anatembenuka n'kuyamba kulira ndi kufunafuna ndi kukamwa. Ndinagwada, n'kumutenga, dzanja lina likumasula bulauzi.

Amayi anandigwira pamkono.

"Iwe! Ukufuna kutani?"

"Ndimuyamwitse, amayi."

"Mkaka wa masabata awiri? Wapenga? Ngakhale wogona usiku umodzi sapatsa mwana. Unasasa kalekale umenewo. Ukufuna umuphe ndi manja ako?"

"Ndakhala ndikufinya tsiku lililonse. Ndi watsopano."

"Wafinya wapamwamba. Wapansi ndi womwe uja."

Anaitana akulu awo, amayi aakulu, amene ankathandiza azimayi pobereka m'mudzi monse. Iwo anabwera ndi kambale, nandiuza kuti ndifinyiremo. Anakapendeketsa padzuwa. Mkaka woyamba kutuluka umakhala wamadzimadzi, izi ndinadzazidziwa pambuyo pake. Iwo anagwedeza mutu.

"Mwaona? Madzi okhaokha. Wawola uwu. Komanso wayenda m'malole, wagona pakati pa anthu osawadziwa. Mwana akangolawa, m'mimba mutseguka, safika mawa."

Bambo a ana anali ataima chapatali, chipewa m'manja. Anayankhula motsitsa. "Amayi, bwanji ayese pang'ono chabe? Mwanayu phala akulavula."

Amayi aakulu sanawayang'ane n'komwe. "Akamwini, za mawere mwazidziwira kuti? Mbumba ino ndi yathu. Kasamaleni fodya."

Iwo anavala chipewa n'kupita kuseri kwa nyumba. Za golo sanafunse, ine sindinanene.

Ndikanatha kukana. Ndimadzifunsa zimenezi kawirikawiri. Ndinali mayi wa ana atatu, osati kamtsikana. Koma ndinakula ndikumva kuti mkaka wogona ndi poizoni, ndipo aliyense ankadziwa mwana wa uje amene anafa nawo. Ndikanamuyamwitsa n'kudwala, akanati ndamupha ndine. Ineyo ndikanakhulupirira kuti ndamupha. Mayi wa ku Malomo anali kutali, amayi anga anali pompo. Anandipaka tsabola kunsonga za mawere kuti ndingakomedwe mtima, anandimanga chifuwa ndi nsalu molimba, ndipo mwana anapitiriza kugona kwa agogo ake. Ndinkamumva akulira kutsidya kwa bwalo, mkaka n'kumatuluka wokha pansi pa nsalu. Mkaka umene ndinausunga ndi misozi kuseri kwa golo unatenga masabata atatu kuti uume. Unkakana.

Amayi anachita zonse zimene ankadziwa. Phala la ufa woyera losefa, madzi a shuga, nthochi yofinya. Sanagone tulo. Koma m'mimba mwa mwana munatseguka ndithu, popanda kulawa mkaka wanga. Kukaleka masiku awiri, kuyambanso. Tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka. Liwombo linalowa, amayi aakulu n'kumatapo mankhwala akuda. Kenaka mapazi anatupa, masaya n'kutupa, anthu ena n'kumati taonani wayamba kunenepa. Ena ankanong'ona kuti ndi tsempho, kuti kapena ine ndinachita zosayenera ku Bulantaya, kapena bambo ake kuno. Mwana anasiya kulira mokweza. Ankangodandaula ngati kamwana ka mphaka.

Kutayamba kutentha, mitengo itaphuka masamba ofiira, bambo a ana anadzuka tsiku lina n'kupopa njinga osapempha chilolezo kwa munthu, n'kundiitana. "Amayi, berekani mwana. Tikupita ku Madisi." Aka kanali koyamba kuwamva akulamula pakhomo paja.

Ku chipatala cha mishoni anatilandira bwino, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Asisitere ena achikulire, Mmalawi mnzathu, anamuyesa mwana pasikelo, anakanikiza phazi ndi chala, dzenje n'kutsala. Anandifunsa kuti anasiya liti kuyamwa, ndipo chifukwa chiyani. Ndinafotokoza zonse, za lole, za kufinya, za kambale. Za chipani ndinanena motsitsa mawu, iwonso anayang'ana kukhomo.

Kenaka anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, mkaka suwola m'bere. Si mphika umenewu. Ngakhale mutachoka mwezi, umene uli m'kati ndi wabwino. Mulungu sanaike poizoni pachifuwa cha mayi."

"Ndiye ndikanamuyamwitsa tsiku lija?"

Anali munthu woona, sanafune kundinamiza.

"Mukanamuyamwitsa."

Anati tiyesebe, nthawi zina mkaka umabwerera mwana akamakoka. Ankandipatsa phala la soya ndi tiyi wamkaka, n'kumandiuza kuti ndizimuika kubere pafupipafupi, iwo akumudonthezera mkaka wa chipatala ndi kasupuni. Ndinamuika. Anatsegula kukamwa, anagwira nsonga, anakoka kawiri mwina katatu, n'kuleka. Mphamvu zinali zitatha. Anandigwira chala monga kale, koma osafinya. Tsiku lachitatu masana, belu la tchalitchi likulira, anapita.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinaona kadontho pa bulauzi. Mkaka unali utayamba kubwerera.

Atcheya anabwera pamaliro atavala nsalu ija. Anakhala pakati pa azimayi, n'kunena mokweza kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ndiponso kuti dera lathu linatchuka ku Bulantaya chifukwa cha mawu anga. Ndinaweramitsa mutu n'kuti zikomo, amayi. Panalibe china choti ndinene, anyamata aja anali kuseri kwa chisakasa cha amuna. Koma kwa ansembe ndinakanena kuti mawu amenewo sindingawalandire. Mulungu sanatumize lole. Mulungu sanati masiku atatu. Ansembe sananditsutse. Anangoti ndipempherere amene anandilakwira. Ndakhala ndikuyesa zaka zonsezi. Masiku ena zimatheka.

Amayi anga sindinawasungire mkwiyo nthawi yaitali. Ndinawauza zimene asisitere ananena, kamodzi kokha, tikusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi n'kulowa m'nyumba, ndipo sanadye masiku awiri. Anachita zimene anaphunzitsidwa ndi amayi awo, pofuna kupulumutsa mdzukulu amene ankamukonda kuposa ine. Patapita zaka ziwiri ndinabereka mtsikana wina. Tsiku lina ndinakagona kumaliro kutsidya kwa mtsinje, mvula inagwa, mtsinje n'kudzaza, ndinabwera mawa lake madzulo. Ndinapeza amayi akundidikira panjira, mwana ali m'manja. Amayi aakulu ankakuwa kumbuyo kuti mkaka wagona umenewo. Amayi anangondipatsira mwana n'kuti, "Khala pansi pompano, umuyamwitse." Mtsikana ameneyo lero ali ndi ana ake anayi.

Kuimba ndinasiya. Chaka chotsatira atcheya atabweranso ndinawauza kuti pakhosi panawonongeka ndi mphepo ya pa Dedza, ndipo kuti bodza ligwire ndinayenera kusiya ndi ku tchalitchi komwe. Ndinkakhala kumbuyo, kumayendetsa milomo. Nyimbo ikayambitsidwa molakwika ndinkaluma lilime. Anandilanda mwana, anandilandanso chimene ndinkapereka kwa Mulungu Lamulungu. Nsalu ija sindikanatha kuitentha kapena kuing'amba matewera, munthu ankamangidwa nazo zimenezo. Inakhala pansi pa sutikesi, madontho a mkaka ali pomwepo, mpaka njenjete zinandithandiza.

Bambo a ana anapitiriza kumvera mpira, ndipo sindinawaletse. Munthu wolima chaka chonse ayenera kukhala ndi kena kake komusangalatsa. Mpira ukayamba ndinkatenga ndowa kupita kumadzi. Koma Loweruka lina, patapita zaka, ndinali ndikupeta chimanga pafupi ndi mtengo wa mango uja, ndipo wolengeza anakuwa kuti mpira wadutsa pamwamba, wagwera kuseri kwa golo la kumunsi.

"Ndi mapazi anga makumi atatu ndi awiri," ndinatero.

Anachotsa wailesi pakhutu. "Mwati bwanji, amayi?"

"Golo lija munandituma. Ndinaliyesa. Udzunso amathiriradi, ndinaona mpope. Pamene pagwera mpirapo pali zikwangwani zamalata, ndi kadzenje pang'ono. Ndinkagwada pamenepo katatu pa tsiku. Mkaka wa mwana wathu unathera pamenepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Wolengeza anali akukuwabe. Anazimitsa wailesi, anamasula mphira ija, anatulutsa mabatire n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenaka anakokera mpando pafupi, n'kuyamba kutola zitsotso zimene zinkagwa pa mphasa.